Laputopu sinalodzedwe, mphwanga

Wokondedwa mphwanga,

 Kuno ku Joni tilipo, kungoti chisanu chatipana.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumva. Ndamvanso wa amayi, ndiponso wa amalume, amene akuti akudziwa munthu wotha kutsirika makina. Nonse mukuti laputopu ndinakutumizira ija yatha ntchito, ndigule ina. Mphwanga, marandi sititola pa Small Street. Kusitudiyo komwe ndimagwira ntchito ku Mayfair, makompyuta amachita zomwezo, koma abwana sanaitanepo sing'anga.

Wati mzere wa C: wafiira. Windows imatero malo akatsala pang'ono, ndipo diski yakoyo ndi ya 256GB basi. Vuto ndi lakuti pulogalamu yako yodulira vidiyo, Premiere Pro, ukailowetsera vidiyo, imapanga timafayilo take tothandizira kuti mawu ndi zithunzi ziziyenda msanga, totchedwa media cache. Ukwati ukatha, timafayiloto timatsala. Ndiye taganiza maukwati onse wajambula kuyambira chaka chatha, kuphatikizapo zinkhoswe ndi kwaya ya amayi a Mvano ija. Nkhokwe yako yadzaza zitsononkho, iwe n'kumalira kuti ikuchepa. Lowa pa Edit, Preferences, Media Cache, ufufute. Usanjenjemere, mkwatibwi safufutika; pulogalamuyo ikatifuna idzatipanganso. Kenako pa Project Settings pali Scratch Disks, pamenepo uiuze kuti mapreview izisunga kwina, osati pa C:.

Za chikwangwani chofiira cha Media Offline, chomwe amalume akuti ndi chizindikiro cha adani poti chimalankhula zinenero zambirimbiri, nkhani yake ndi iyi. Dzulo hard drive yako inali D:, lero wayamba kulowetsa fulashi ya nyimbo, iyo n'kulanda D:, hard drive n'kukhala E:. Pulogalamu yapita pakhomo lakale, yapeza palibe munthu. Dina Link Media, uilozere fayilo imodzi, zinzake nthawi zambiri imazipeza yokha. Ukafuna mtendere, pa Disk Management uipatse hard drive chilembo chakutali, monga V:, chomwe mafulashi a anzako a kumsika sangachifikire.

Fulashi ya ankhoswe nayonso siyabodza ayi. Ikukana vidiyo chonsecho malo alipo chifukwa ili pa FAT32, yomwe siilandira fayilo imodzi yopitirira 4GB. Ichite format ikhale exFAT, imene imawerengeka pa Windows ndi pa Mac pomwe. Koma uyambe wakopera zonse zili m'menemo, chifukwa format imasesa osasiya kanthu, ndipo sindikufuna kumva kuti zikalata za munda wa ankhoswe zapita m'dzina langa.

Tsopano ndikufunse monga mkulu wako: perekaniperekani wa maola atatu umamujambuliranji mu 4K? Ndani akufuna kuona bwinobwino kuti azakhali anaponya K500 n'kutenga chenji cha K400? 4K ili ndi madontho a chithunzi kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi 1080p, ndiye imadya malo, komanso kalaputopu kakoko kamatsamwa nayo. Chonsecho akuchikazi akaonera pafoni. Malumbiro a kutchalitchi ndi keke jambula mu 4K ngati mtima ukufuna, koma upange maproxy, makope opepuka a vidiyo, podula. Zotsalazo 1080p ikwana.

Iwala za laputopu yatsopano. Chomwe ndagula ndi hard drive ya 2TB, ndipo ndaipereka kwa transipota amene anyamuke Loweruka kudzera ku Beitbridge ndi Nyamapanda. Ndaikulunga m'bulangete la amayi, chifukwa m'kati mwake muli mbale yozungulira yomwe sigwirizana ndi kugwa. Uwauze asalikutumule polandira. Ikamagwira ntchito usaisunthe, ndipo usaizule osachita eject, ngakhale nsima ikuzizira.

Amalume uwauze kuti ndalama ya sing'anga ija agulire feteleza.

Ndine mkulu wako,
wa ku Joni