Dzina la msewu amapereka ndi kondakitala

Ine galimoto ndilibe, njinga ndinapinyolitsa, koma pa nkhani ya misewu musandiderere. Woyenda pansi ndiye amaudziwa msewu, poti amauwerenga ndi zidendene.

Akuluakulu akafuna kupereka dzina amaitana mlendo wolemekezeka, amayi n'kuvina, chikwangwani n'kuzikidwa. Mu 2006 msewu wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje anautcha Robert Mugabe Highway. Mu 2007 wa Chilambula ku Lilongwe unasanduka Paul Kagame. Koma kaimeni pa siteji ku Limbe, munene kuti mukufuna minibasi ya pa Robert Mugabe. Kondakitala akuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako akuuzani kuti mabasi a ku Harare sakwerera pano. Kwa iye ndi Midima basi.

Mayina okhalitsa ndi amene anabadwa ndi thukuta. Wenela anachokera ku WNLA, bungwe lomwe linkalemba agogo athu ntchito ya m'migodi ku Joni. Agogowo anapita, koma dzina likadali pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ndipo adzukulufe timalitchula ngati ndi mfumu ya m'mudzi mwathu.

Nanga Khwekhwerere, wotsika pa Masasa kulowera ku Golomoti? Palibe komiti inakhala pansi n'kulandira alawansi. Msewu unadzitcha wokha. Dalaivala akangoyamba kupota makona aja, mabuleki n'kuyamba kununkha, ine amene kutchalitchi amandiona pa Khirisimasi pokha ndimatsogolera kwaya m'basi. Tikafika kuchigwa, chikhulupiriro chimathera pomwepo.

Nanenso ndili ndi msewu wanga. Ndi kanjira kodutsa m'chimanga kuseri kwa okala ina kumene dzina langa lili m'buku la ngongole. Ndinakalambula ndekha ndi mapazi, opanda thandizo la mayiko akunja. Ndinkayembekeza kuti akatcha dzina langa, monga amachitira ndi anthu otchuka. Ana a m'dera lathu akatcha "Ndipereka Mawa", ndipo ngakhale a kabaza akukadziwa.

Tsono inu amene mukulota kuti dzina lanu lidzalembedwe pamsewu, kakambiraneni kaye ndi kondakitala. Chikwangwani ndi cha boma, koma dzina ndi la oyendamo.