Kodi Mtengo wa Kudwala Amauika Ndani?

Pa 15 May 2024, kutatsala milungu iwiri kuti anthu a ku South Africa aponye voti, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo la National Health Insurance, limene ambiri amangoti NHI. Mkangano wake mpaka lero sunazizire, wafika ndi kumakhoti komwe. Ena akuti boma lisunge thumba limodzi lolipirira wodwala aliyense, ena akuti boma lisayerekeze kukhudza inshulansi yawo ya zaumoyo, yotchedwa medical aid. Ine za chuma sindidziwa zambiri, koma pali mafunso aang'onoang'ono amene akundisowetsa mtendere.

M'dziko la anthu oposa 60 miliyoni, amene ali pa medical aid ndi pafupifupi 9 miliyoni basi. Komatu pafupifupi theka la ndalama zonse za zaumoyo limathera kuzipatala ndi madokotala olipiritsa, kumene amapita makamaka anthu ochepawa. Kodi iwowa amadwala kuposa anzawo? Matupi awo ndi ovuta kuchiza? Ngati ayi, ndalama zonsezo zimagula chiyani?

Mmene ndimamvera ine, inshulansi ili ngati chopereka cha pamaliro: tonse tisonkhe pang'onopang'ono kuti amene zamugwera asasenze yekha. Nanga bwanji chaka ndi chaka ndalama yosonkhayo imakwera kuposa mmene mitengo ya zinthu zina ikukwerera, koma thandizo lake osakula? Taganizirani munthu amene wakhala akudulidwa pamalipiro mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Tsiku la opaleshoni lafika, zayenda bwino, wabwerera kunyumba. Bala lisanapole, kalata yafika: dokotala walipiritsa kuwirikiza katatu mtengo umene a medical aid amavomereza, ndiye yotsalayo ulipire wekha. Poopa zoterezi anthu amagulanso inshulansi yachiwiri, yotchedwa gap cover, yoti izilipira zimene yoyamba ija yasiya. Ichi ndiye chimandizunguza mutu kwambiri. Ngati inshulansi ikufunanso inshulansi inzake, munthu uja ankalipirira chiyani zaka zonse zija?

Mu 2019 gulu lofufuza za msika wa zaumoyo, lotsogozedwa ndi Sandile Ngcobo amene anakhalapo mkulu wa majaji onse m'dzikolo, linatulutsa lipoti lake lomaliza. Linapeza kuti zipatala zolipira zambiri zili m'manja mwa makampani atatu, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, komanso kuti odwala amagonekedwa ndi kupimidwa kuposa mmene matenda awo akufunira. M'zipatala zimenezi amayi oposa 7 mwa 10 alionse amachira kudzera pa opaleshoni, pomwe m'zaboma ndi pafupifupi atatu. Kodi mayi akakhala ndi khadi la medical aid, njira ya mwana imachepa? Kapena ndi chifukwa choti dokotala amalandira malinga ndi kuchuluka kwa zimene wachita? Munthu wogula chimanga akaona kuti chadula amapita kwina. Wodwala sangatero: amene akumuuza kuti akufunika opaleshoni ndi yemweyo amene alandire ndalama ya opaleshoniyo, ndipo mtengo amaudziwa zonse zitatha. Pamenepa mpikisano umene amauchemererawo uli pati?

Tsono wina anganene kuti basi, boma litenge zonse. Mtima wanga umafuna kuvomera, chifukwa ndimakhulupirira kuti mwana wa wantchito wa m'nyumba ndi mwana wa bwana wake ayenera kuonedwa ndi dokotala mofanana. Koma nakonso ndili ndi mafunso. Mu August 2021, Babita Deokaran, mkulu woona za ndalama mu dipatimenti ya zaumoyo m'chigawo cha Gauteng, anawomberedwa pakhomo pake atadandaula za ndalama zokayikitsa zimene zinkalipiridwa pachipatala cha Tembisa. M'chigawo chomwecho odwala matenda a maganizo 144 anamwalira atachotsedwa m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwatumiza kumalo osayenera pofuna kupulumutsa ndalama. Ngati thumba laling'ono linabooka chonchi, lalikulu la dziko lonse adzalilondera ndani? Lamulolo likupatsa nduna ya zaumoyo mphamvu yosankha bodi yoyang'anira thumbalo. Nanga nduna ikalakwa, wodwala akadandaule kwa yani?

Palinso ichi. Boma lomwelo lili ndi medical aid ya antchito ake, GEMS, ndipo limawathandiza kulipira ndi ndalama za misonkho. Ndiye kuti namwino wa pachipatala cha boma akadwala amathandizidwa kuti akagone kuchipatala cholipira. Oyendetsa zipatala ngati iwo eni sagonamo, bulangete likasowa adziwa bwanji?

Lamuloli likutinso NHI ikadzakhazikika kwathunthu, a medical aid sadzaloledwa kulipirira chilichonse chimene thumba la boma likulipirira. Ngati thumbalo lidzakhale labwino, kuletsa kwake n'kwa chiyani, anthu sadzabwera okha? Ndipo kusamutsa ndalama kuchoka m'thumba ili kupita m'thumba ilo kudzabereka anamwino ena? Mzere umene umayamba kusanache pakiliniki ya ku Soweto udzafupika ndi chiyani? Onse akulimbirana kuti wosunga ndalama akhale ndani, koma woti anene kuti opaleshoni yakutiyakuti mtengo wake ndi uwu, ndipo usapitirire apa, sindikumumva mokwanira.

Funso lotsiriza likukhudza ife Amalawi. Abale athu ambiri ali ku Joni, ena ndi mapepala, ena opanda. Lamulo la NHI likuti mlendo wopanda mapepala ndi wopempha kubisala m'dzikolo adzathandizidwa pa zadzidzidzi komanso pa matenda amene boma limawalondoloza, monga TB, ngakhale kuti ana onse ali ndi ufulu wa chithandizo choyambirira. Ndiye tinene kuti mayi wa ku Mangochi wopanda mapepala amene amachapa ndi kusita m'nyumba ya anthu ku Johannesburg ali ndi BP. Mapiritsi a mwezi ndi mwezi, otchipa aja, thumba silidzamulipirira. Adikire mpaka tsiku limene adzagwe n'kufa ziwalo, pamenepo ambulansi idzabwera, bedi lidzapezeka, boma lidzalipira. Amene amawerengetsa ndalamazo andiuzeko: chotsika mtengo n'chiti pamenepa?