Pedulo ya Kumanzere

Titalandira ndalama zopumira pantchito ya uphunzitsi, anzanga ena anagula ng'ombe, ena malata, mmodzi anakatenga mkazi wachiwiri. Ine ndinagula lathe. Kwa amene simunaionepo, ndi makina amene amaluma chitsulo n'kumachizunguza, inu n'kumachisema ndi kampeni kolimba mpaka chitakhala mmene mukufunira. Yangayo ndi Myford ML7, ya ku Nottingham ku Mangalande, mtundu umene anayamba kupanga mu 1946. Mwini wake anali makaniko pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo atamwalira ana ake ankangoyanikapo matumba. Ndinaibweretsa kuno ku Balaka pa lole, n'kuiika m'chipinda chimene mayi a kunyumba ankasungiramo chimanga. Chimangacho chinasamukira kuchipinda chogona, ndipo mlandu umenewo sunathe mpaka lero.

Miyezi yoyambirira ndinapanga zinthu zambiri zimene palibe anandipempha. Mawashala odzaza chitini, zogwirira madirowa oti zogwirira zake zilipo kale, ndi kabelu kamkuwa kosalira. Tsiku lina ndinayatsa makina nditaiwala kiyi pa chuck, chibwano chija chimaluma chitsulo, ndipo kiyiyo anatulukira pawindo, windolo lili chitsekere. Tizitsulo tosongoka tinkalowa m'nyumba titakanirira kumapazi anga, ana n'kumatizula ku zidendene. Choncho mumvetse kuti mlamu wanga atafika akukankha njinga, mtima wanga unali ndi ludzu la ntchito yoti anthu aione n'kuvomereza kuti ndalama zija sizinapite m'madzi.

Mlamuyo ndi mlongo wamng'ono wa akazi anga, ndipo amapalasa kabaza. Ekiselo ya pedulo ya kumanzere inali itathyoka, ndipo wokonza njinga wina anali atachotsa kale chiduswa chotsalira n'kuchitaya.

"Alamu, mungondibwereka ya mapedulo, Loweruka ndibweza," anatero.

"Alamu, zogula pamsikazi n'zimene zakugwetsanizi," ndinayankha. "Siyani njingayi pano. Ndikupangirani ekiselo yoti adzaigwiritsa ntchito ndi adzukulu anu."

Anayang'ana alongo ake. Alongo akewo anayang'ana nkhuku.

Popeza ya kumanzere panalibe, ndinamasula pedulo ya kumanja kuti ndiyezerepo. Pakachitsulo kake panali chilembo R, ndipo ine ndinati ndi Raleigh, ngakhale njingayo sinali Raleigh. Miyeso ndinaitenga bwino, pamenepo musandinyoze: kunenepa kwake 9/16 ya inchi, mazinga 20 pa inchi imodzi. Tsono kudula mazinga pa lathe ndi masamu okoma amene ndikanakonda ndikanawadziwa ndili m'kalasi. Makina anga ali ndi chibawuti chachitali chokoka mpeni, cha mazinga 8 pa inchi. Kuti mupeze 20, chibawuticho chizizungulira kawiri pamene chitsulo chazungulira kasanu, ndiye mumaika giya ya mano 20 kumtunda, ya mano 50 kumunsi. Kampeni mumakanola kuti nsonga yake ikhale madigiri 60, ndipo simudula kamodzi n'kumaliza ayi. Mumapala pang'ono, kubwerera, kulowetsa mpeni pang'ono, kudontheza mafuta, kupalanso, mpaka mazinga atatuluka akunyezimira.

Chitsulo ndinachipeza kwa ogulitsa zitsulo zakutha, chibawuti cha lole. Zoyamba ndinaziwononga polowetsa mpeni pamalo olakwika, koma imene inatheka inali yokongola moti ndinagona nayo pampando wa pafupi ndi bedi. Nditaiyesa pa mkono wa pedulo ya kumanja, inalowa ndi zala zokha, myaa. Nditapita nayo kumanzere, inakana. Ndinapaka girisi, inakana. Ndinaikanikiza ndi sipanala ya 15 nditalumikiza paipi, inangolowa mopendama n'kuima.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kufunsa. Ine ndinagamula kuti mazinga a m'bowomo anatha, ndipo wolakwa ndi wokonza njinga uja. Ndinaboola bowolo kuti likule, n'kusema nati ya mazinga ogwirizana ndi ekiselo yanga, n'kupita nazo kwa mnyamata wowotcherera kuti aimatike pa mkonowo. Mnyamatayo anatembenuza mkono uja, n'kutembenuzanso.

"Aphunzitsi, kodi umenewu si wa kumanzere? Paja ya kumanzere…"

"Iwe wotcherera, za mazinga undisiyire ine."

Anavala magalasi ake akuda n'kuwotcherera.

Mlamu wanga anazungulira nayo bwalo, nati ikupalasika. Ndinakana kulandira kalikonse, ndipo ndinakana mokweza kuti aneba amve.

M'mawa mwake anapita kumudzi, cha ku Utale, kukatenga apongozi anga, amene ankabwera kudzaona mdzukulu wawo wodwala malungo. Anakhala cham'mbali pa kariyala monga amakhalira amayi aulemu wawo, lichero la ufa lomanga m'nsalu pamiyendo, tambala m'khwapa. Zimene zinachitika ndinazimva kwa anthu ambiri, ndipo aliyense amawonjezera zake, koma pamene onse amagwirizana ndi apa: pokwera kamtunda mlamu anaimirira pa mapedulo, pedulo ya kumanzere inatsala pansi, phazi linaponda mphepo, iye anakhalira chitsulo chapakati chija, ndipo njinga inakalowa m'munda wa nandolo wa eni ake. Apongozi anadzuka ali mbuu kuyambira kuduku mpaka kumapazi, bondo litasupuka. Tambala sanaonekenso.

Amene anandifotokozera chifukwa chake ndi wokonza njinga uja ndinkamunamizira, pansi pa mtengo wa mango. Nditamuyang'anitsitsa ndinapeza kuti ndi mwana amene ndinamubwereza Sitandade 6 chifukwa cha masamu. Sanandikumbutse, ndipo zikanakhala bwino akanandikumbutsa. Anatenga pensulo, naigwira mosathina m'chibakera, nayamba kuyendetsa nsonga yake mozungulira. Pensuloyo inayamba kudzipota yokha, koma chobwerera.

"Mwaona, aphunzitsi? Phazi limakanikiza pansi nthawi zonse, koma mkono ukuzungulira. Ndiye ekiselo imagudubuka pang'onopang'ono m'bowo mwake ngati pensuloyi. Kumanja, kugudubukako kumaimanga. Kumanzere, mukaika mazinga wamba, kumaimasula. N'chifukwa chake ya kumanzere mazinga ake amayenda chobwerera, pomanga mumapotera uku mumamasulira zinazi. Amalembapo L. Inayo R."

"R ameneyo ndimamudziwa," ndinatero, ndipo sindinapitirize.

Chondipweteka kwambiri ndinachipeza nditabwerera kunyumba. Kumanzere kwa lathe yanga, pafupi ndi magiya, pali kachogwirira kamene ndinkakapukuta tsiku lililonse. Mukakasuntha, chibawuti chachitali chija chimazungulira chobwerera, mpeni umayenda kuchoka ku chuck, ndipo mazinga amatuluka a kumanzere. Azungu a ku Nottingham anaikapo kale njira yopulumutsira apongozi anga ine ndisanabadwe.

Mlandu unakambidwa madzulo omwewo, mwa mwambo wake. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, choncho iwo anakhala pamphasa kuseri kwa khitchini, ine pakhonde, mayi a kunyumba n'kumayenda ndi mawu pakati, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino.

"Akuti ndikufunseni, bambo, ngati pali chimene anakulakwirani."

"Auzeni amayi kuti palibe, ndagwira mwendo wawo."

"Akuti mwendo wake uti, wosupukawu kapena winawu?"

Kenako anawonjezera awoawo, osatumidwa: "Paja ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."

Ndinalipira mapedulo atsopano, amene mlamu anapempha poyamba paja. Ndinalipira mkono watsopano, popeza wakalewo ndinali nditauboola n'kuuwotcherera. Ndinalipira ufa, tambala, nandolo wa eni munda, ndi masiku onse amene mlamu ankayenda chotangadza osatha kukhala pa chishalo. Anyamata a kabaza pa siteji akandiona amakweza phazi la kumanzere, onse pamodzi, osanena kanthu.

Apongozi atachira anabwerera kumudzi wapansi, atakana njinga iliyonse. Patapita nthawi kunabwera mwana ndi kaphukusi. Munali chivundikiro cha ketulo chimene kogwirira kake kanathyoka, ndi uthenga wodzera kwa mayi a kunyumba: bambowo apange kena, popeza ketulo sanyamula munthu. Koma asanakamange, akayambe aonetsa mnyamata wa pansi pa mango uja.