Akufuna wa zaka ziwiri

Kuno kwa Kapondo tili ndi namwino amene zipatala sizikumulemba ntchito, koma mudzi wonse ukumugwiritsa ntchito. Anatha zaka zitatu pa sukulu ya CHAM, nakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, layisensi ili m'chikwama. Fizi yake inadya soya, mtedza ndi ng'ombe imodzi. Tsiku lomwe anabwerera kumudzi, ntchembere zinaimba nthungululu mpaka agalu anathawira kudimba.

Kenaka anayamba kuwerenga zidziwitso za ntchito. Zambiri zimathera pa mzere womwewo: wofunsira akhale woti anagwirapo kale zaka ziwiri. Atawamasulira bambo ake, omwe ndi mlimi wa fodya, anakanda mutu.

"Ndiye kuti akufuna mbande yoti inapitako kale ku okushoni?"

Sikuti mwanayo akungokhala ayi. Tambala akangolira kachiwiri, pakhomo pamamveka odi.

"Anesi, pepani takudzutsani. Tangomuonani mdzukulu wanuyu, thupi latentha usiku wonse."

Akawauza kuti athamangire kuchipatala akayezetse malungo, amadandaula kuti kabaza wakwera mtengo, ndiye bwanji anesi angomugwirako pachipumi. Pamaliro, wina akakomoka, amakamuitana kukhitchini ali ndi mthiko m'manja. Kutchalitchi, azibambo amamukokera kuseri kukamunong'oneza matenda amene akazi awo sakuwadziwa. Malipiro ake ndi "Mulungu akudalitseni," ndipo mwezi ukakhala wabwino, dzungu. Luso limeneli n'lochuluka ndithu, vuto n'lakuti dzungu silidinda chidindo.

Anthu omwewo akakumana naye pamjigo saiwala kufunsa.

"Kodi mwanawe, sunayambebe? Mnzako uja ndamva ali ku Chipata, akulandira makwacha a ku Zambia. Kapena unalephera ukutibisira?"

Amangomwetulira. Angawafotokozere bwanji kuti boma limaphunzitsa anamwino chaka ndi chaka, kenaka n'kumati thumba la malipiro ndi lochepa, a IMF akuliyang'anitsitsa? Mu 2020, Covid-19 itavuta, Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti alembedwe ogwira ntchito zachipatala 2,000, ndipo apa tinadziwa kuti mliri umatsegula zitseko zimene dipuloma imalephera. Chaka chomwecho achinyamata anapondana pa Katoto ku Mzuzu polimbirana mayeso a ntchito ya alangizi a zaumoyo, ambiri n'kuthera m'chipatala momwe ankafunamo ntchito, koma ngati odwala. Mu 2022 bungwe la anamwino la NONM linanena zotumiza mamembala ake osowa ntchito ku America ndi ku Saudi Arabia, boma linakwiya, linati anamwino athu tikuwafuna. Kuwafuna kwake n'kumeneku.

Tsidya lina la msewu kumakhala a sisitala, namwino wamkulu. Anapuma pa ntchito atakwanitsa zaka 60, anthu anawapatsa zitenje ndi mabeseni, m'busa anapemphera kuti akapume bwino. Sipanathe miyezi itatu foni inalira: ku wodi kulibe anthu, mungabwereko pa lokamu, ganyu wa kuchipatala? Lero amakwera kabaza mawondo akulira, magalasi ali pamphuno, kukagwira usiku ku wodi ya amayi oyembekezera. Sindikuwanyoza. Dzanja lawo limapeza mtsempha wa khanda ngakhale magetsi atazima, ndipo akangoyang'ana mayi woyembekezera amadziwa kuti uyu safika m'mawa asanachire. Koma dzanja limenelo silinabadwe ndi zaka ziwiri. Iwo anawalemba ntchito inki ya satifiketi isanaume, nyumba ya boma n'kuwapatsiratu.

Lachiwiri lapitali mtsikana uja anapita kukawadandaulira.

"Pirira mwana wanga," anatero a sisitala. "Ukapeza luso adzakulemba."

"Ndikalipeze kuti, amayi?"

"Kuntchito."

Anakhala kaye chete onse awiri. Kenaka a sisitala anapinda mkono wa bulauzi, natulutsa kamakina m'chikwama.

"Tandiyezeko BP, mutu ukundizungulira. Usiku uno ndili pa lokamu, ndili ndekha ndi amayi makumi atatu."