Kuti Zii Pamsonkhano

Kukhala chete pamsonkhano ndi kanthawi kamene kamadutsa kuchokera pamene wotsogolera wafunsa funso kufikira pamene wina wayankha. Kanthawika n'kochepa, koma ndi kamene kamatulutsa thukuta m'khwapa mwa apampando ambiri, kuyambira wa banki m'khonde mpaka wa kampani yaikulu ya m'tauni.

Akatswiri anakayeza kanthawi kameneka. Mu 2009, Tanya Stivers ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atamvetsera macheza a anthu m'zilankhulo 10. Anaona kuti munthu akafunsidwa funso lofuna eya kapena ayi, nthawi zambiri yankho limabwera theka la sekondi lisanathe. A ku Japan ndiwo ankayankha msanga kuposa onse, a ku Denmark n'kukhala otsalira, komabe kutsalira kwake kunali kochepa. Ndiye kuti khutu la munthu linazolowera kuti mawu azilandizana, ndipo pakangoti zii, mtima umayamba kunong'ona kuti zinthu zavuta.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe wa ku America, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi, anajambula mawu m'makalasi n'kupeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi basi. Ikatha, amabwereza funsolo, amaloza mwana wina, kapena amadziyankha okha. Atawazoloweza kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika, ongoti "sindikudziwa" anachepa, ndipo ana aja ankaganiziridwa kuti ndi mbuli anayamba kukweza mkono.

Chitsanzo chapafupi cha matenda osadikirawa ndi wolemba ndime ino, yemwe ndi wapampando wa komiti ya mjigo kwawo. Bambo ameneyu akafunsa kuti, "Kodi ndalama yokonzera mjigo tiipeze bwanji?" amadikira nthawi yongokwana kumeza malovu. Kenako amati, "Kapena ndinene chonchi," n'kufunsanso funso lomwelo, koma tsopano litanenepa. Poona kuti kudakali zii, amapereka maganizo ake "ongoyambirapo", amawathirira ndemanga, amawatsutsako pang'ono kuti aoneke wachilungamo, n'kuwavomereza. Pomaliza amaomba m'manja pothokoza anthu onse chifukwa cha mfundo zakupsa zimene apereka. M'buku la komiti mumalembedwa kuti nkhaniyi inakambidwa mozama.

Oluza pamenepa ndi amene akuidziwa bwino nkhaniyo. Mayi amene amapopa mjigowo m'bandakucha uliwonse anaona kale kuti madzi ayamba kuchedwa kutuluka, chizindikiro choti labala wa m'kati watha, ndipo akudziwanso kuti labalayo ndi wotchipa poyerekeza ndi kudikira kuti zonse zife. Koma iye sangalumphire pakamwa pa abambo. Amayamba waona ngati akuluakulu amaliza. Mkamwini naye amadikira eni mudzi. Mnyamata amadikira onsewo. Kwa anthu otere, kachetechete kaja ndiye chilolezo chawo cholankhulira, ndipo wapampando akakadzaza ndi mawu ake amakhala wawatsekera pakhomo kwinaku akudandaula kuti anthu a kuno satenga nawo mbali. Mabwalo a mafumu anaizindikira kale nzeru imeneyi: mfumu imasiya mbali zonse ndi nduna zilankhule, iyo ili duu, n'kudzatsekera kumapeto.

Kunja kuli magulu amene anakusandutsa lamulo kukhala chete. Akhristu otchedwa Quaker, omwe anayamba ku England m'zaka za m'ma 1650 motsogozedwa ndi George Fox, amatha kukhala ola lathunthu pamapemphero popanda wolalikira, ndipo ngakhale pokambirana za kayendetsedwe ka mpingo amasiya mpata pakati pa wolankhula ndi mnzake. Ku kampani ya Amazon, Jeff Bezos anakhazikitsa zoti misonkhano ya akuluakulu iziyamba ndi kuwerenga chamumtima chikalata cha masamba 6, mwina kwa theka la ola. Njira imeneyi sinayesedwe pa komiti ya mjigo, poopa kuti theka la mamembala lingagone, theka linalo n'kuyamba kufunsa ngati Fanta ndi mabanzi zili m'njira.

Komatu si kuti zii aliyense ndi wa maganizo. Akale anati chetechete sautsa nyama, ndipo wotsogolera ayenera kudziwa kusiyanitsa. Pali zii amene amagwa wapampando akafunsa kuti, "Ndani adzipereke?" Pali wina woopsa kwambiri amene amagwa msungichuma akapemphedwa kuti awerenge za ndalama. Kumawekishopu kulinso wa cha m'ma 1 koloko masana, pamene mitima yonse ili kumphika ndi kupepala losainira alawansi. Ameneyu sachizika ndi kudikira. Chosiyanitsira ndi maso. Woganiza amayang'ana kudenga kapena pansi, milomo ikugwedera pang'ono. Wozemba amayang'ana foni yozima, kapena amawerama kuti amange zingwe za nsapato pamene wavala patapata.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta kufotokoza. Funso lifunsidwe kamodzi, lalifupi, ndipo anthu auzidwiretu kuti, "Tiyeni tiganize kaye," kuti asayese wapampando waiwala chonena. Iye awerenge chamumtima mpaka 10, osathamanga ngati akuwerenga ndalama ya wina, ndipo maso asakakamire kwa bambo uja amayankha chilichonse. Rowe anapezanso kuti kudikira kwachiwiri, kobwera munthu atayankha kale, n'kofunikanso kwambiri, chifukwa ambiri amayamba ndi mawu aulemu, chenichenicho n'kubwera pambuyo akaona kuti sanadulidwe.

Chovuta ndi pakamwa pa wapampando mwini wake. Ena amamwa madzi akangofunsa funso, koma madzi amamezeka msanga. Kwa wolemba ndime ino, komiti inagwirizana, iye atatuluka kukalandira foni, kuti aziguliridwa chimanga chokazinga choti aziponya m'kamwa akatha funso lililonse. Ndalama yake inalowetsedwa pamzere wa zipangizo zokonzera mjigo.