Mwana wa abwana akufuna ku Spain

Kuseri kwa sitolo ina yaikulu ku Midrand kuli kamtengo kamene anyamata operekera maoda pa njinga zamoto amaimikapo njinga zawo, aliyense maso pa foni kudikira kuti ilire. Ambiri ndi akwathu. Bwalo la mijaha la Kyalami lili chapafupi, moti mphepo ikamachokera kumeneko kulira kwa mainjini kumafika mpaka pamtengopo, koma anyamatawa anazolowera, salabadanso.

Loweruka lina ndikudikira chenje kwa mayi wogulitsa magwinya, panafika madala ena a ku Ntcheu atavala ovololo yobiriwira. Anakoka kireti, kukhalapo, ndi kupumira m'mwamba.

"Kwa abwana sikukugonedwa," anatero. "Mwana akufuna ku Spain. Bambo ake akuti apite, mayi ake akuti ayambe walemba matric."

Mwanayo ali ndi zaka 15, ndipo amapikisana pa njinga zamoto. Madalawa agwira ntchito pakhomopo kuyambira iye akukwawa, ndipo ndi amene amatsuka njinga yake ndi kuimangirira pa tirela akamapita ku Red Star Raceway ku Delmas, ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria, nthawi zina ulendo wautali wa ku Killarney ku Cape Town. Anapisa m'thumba natulutsa kachipulasitiki kolimba kamene opikisana amamata pabondo la suti yachikopa. Mbali imodzi kanali katadyeka mpaka kupyapyala, kali ndi mizeremizere ya phula, m'mphepete mutachita kusungunuka.

"Pokhota kona bondo limakhula pansi. Ichi ndi cha mpikisano wa sabata yatha. Anawina mijaha yonse iwiri. Zikho pabalaza zasowa poika."

"Ndiye vuto lili pati, ankolo?" anafunsa mnyamata wina wa ku Mangochi, chisoti chili pachigongono. "Ngati akuwina, azingowina konkuno. Akudya bwino, akugona kwawo. Kunja akukafunako chiyani?"

Amene anamuyankha ndi makaniko wa pamalopo, bambo wobadwira ku Harare kwa makolo a ku Dedza, yemwe Chichewa chake chimatsetserekera ku Chishona akapsa mtima. Anali atagwada akumanga tcheni cha njinga ya wina, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Akuwina ndani, mphwanga? Anthu omwewomwewo amene anawasiya m'mbuyo chaka chatha, pa makona amene angawakhote atatsinzina. Munthu amene palibe womuthamangitsa wasiya kuphunzira. Brad Binder akadakhala pano bwenzi akukonza magalimoto ngati ine."

Dzina la Binder silingasowe pa nkhani ngati imeneyi. Mnyamata wa ku Potchefstroom ameneyu analowa mu Red Bull MotoGP Rookies Cup mu 2009 ali ndi zaka 13. Anthu amakonda kunena za mapeto ake, kuti mu 2016 anakhala katswiri wa dziko lonse wa Moto3, ndi kuti mu August 2020 ku Brno, m'dziko la Czech Republic, anapambana mjaha wa MotoGP pa ulendo wake wachitatu wokha, kukhala munthu woyamba wa ku South Africa kuchita zimenezo komanso woyamba kupambanitsa njinga ya KTM m'gulu lalikululo. Makaniko uja anazinena zonsezi mosapumira, sipanala ili m'manja. Anafotokozanso za ku Jerez mu 2016, pamene Binder anapatsidwa chilango choyambira kumbuyo kwenikweni kwa anzake oposa 30, koma anawadutsa mmodzimmodzi mpaka kupambana, ndi za ku Austria mu 2021, pamene mvula inayamba mjaha uli pafupi kutha, anzake nakalowa kukasintha njinga, iye napitirira ndi matayala osalala a pouma, njinga ikuvina, mpaka kumaliza ali patsogolo.

Zimene sananene ndi za pakati. Kuchoka 2009 kufika 2016 ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Binder anayamba kuthamanga chaka chathunthu mu Moto3 mu 2012, ndipo anatha zaka zinayi osapambana mjaha ngakhale umodzi. Zaka zonsezo panali wina amene ankalipira ndege, malo ogona ndi chakudya. Madala aja anali atazimva kale nkhanizi patebulo la abwana, ndipo anagwira pomwepo.

"Achimwene, inu mukunena za mmodzi. Nanga amene anapita n'kubwerera chimanjamanja, mayina awo mukuwadziwa? Kumeneko akuti timu siikulipira, iwe ndiye umailipira. Ndipo salandira marandi, akufuna ma euro. Abwana ayamba kale kukamba zogulitsa nyumba ya kunyanja."

Apa madala ananena zoona. Euro imodzi ndi pafupifupi R20, ndipo m'mipikisano ya achinyamata ya ku Spain ndi Italy mpando umagulidwa: tate amalipira njinga, matayala, amakaniko, ndi chilichonse chimene mwana wake waphwanya akagwa. Mwana wa ku Valencia amachoka kunyumba m'mawa ndi kagalimoto ka bambo ake, kukayeserera pa bwalo labwino, madzulo ali kwawo. Dziko lakelo lokha kwa zaka zambiri lakhala likuchititsa mijaha inayi ya MotoGP pa chaka, ku Jerez, Barcelona, Aragón ndi Valencia. Wa ku Gauteng ayenera kukwera ndege usiku wonse, kapena kusamukiratu, kusiya sukulu ndi anzake, kukakhala pakati pa anthu olankhula chinenero chimene sachimva.

Mayi wa magwinya, amene nthawi yonseyi ankangotembenuza mtanda m'mafuta, anayankhula osayang'ana munthu.

"Inu abambo mukuwerenga ndalama. Mayi akeyo akuwerenga mafupa a mwana wake."

Panakhala kaye zii. Makaniko anavomera ndi mutu, chifukwa iye amadziwa za 2021, chaka chimene anyamata atatu anafa pa mipikisano ya ku Ulaya m'miyezi yochepa: Jason Dupasquier wa zaka 19 ku Mugello, Hugo Millán wa zaka 14 ku Aragón, ndi Dean Berta Viñales wa zaka 15 ku Jerez. Onse atatu anagwa n'kugundidwa ndi njinga zobwera pambuyo. M'magulu amenewa njinga zimafanana mphamvu, choncho ana amayenda ali chigulu, tayala kukhudza tayala, ndipo wogwa pakati alibe kothawira. Imfazi zitachitika akuluakulu anakweza zaka zoyambira, moti kuyambira 2023 lamulo la onse ndi lakuti wolowa Moto3 akhale atakwanitsa zaka 18.

"Ndiye bwanji osadikira?" anatero wa ku Mangochi uja. "Alembe matric, akwanitse 18, kenako apite."

"Akapite kuti?" makaniko anaimirira, akupukuta girisi pa nsanza. "Pa 18 amatenga amene akhala akuwaona kuyambira ali ndi 14, 15. Mabwana a matimu sawerenga zikho za ku Delmas. Amaima m'mbali mwa bwalo ku Jerez ndi wotchi m'manja."

Ine pamenepa ndili mbali ya makaniko, ngakhale sindikuvomereza zogulitsa nyumba. Khomo limene silifuna chuma chambiri ndi lomwe analowera Binder. Mu Rookies Cup, imene inayamba mu 2007, ana onse amakwera njinga za KTM zofanana, zokonzedwa ndi eni mpikisano, ndipo banja limangodzifunira ulendo ndi pogona. Mijaha yake imachitika pa mabwalo omwewo, masiku omwewo ndi ya MotoGP, pamaso pa anthu olemba ntchito. Jorge Martín, katswiri wa MotoGP wa 2024, anatenga chikho chimenechi mu 2014, ndipo Pedro Acosta anachitenga mu 2020. Polowera pake m'popapatiza: chaka chilichonse amaitana achinyamata ochuluka a m'maiko osiyanasiyana kukayesedwa masiku ochepa, n'kusankhapo owerengeka. Koma mayeso amenewo ndiwo angauze abwana zoona za mwana wawo pa mtengo wa matikiti awiri a ndege. Akamutenga, apite. Akamukana, abwerere ku buku ndi ku Red Star, ayesenso chaka chinacho, nyumba ili chilili.

Komanso kunja si Spain yokha, ndipo MotoGP si ntchito yokhayo. Steven Odendaal anatenga chikho cha Moto2 cha ku Ulaya mu 2016, nadzakhala wachiwiri pa dziko lonse mu Supersport mu 2021. Mathew Scholtz wa ku Durban ndi Cameron Petersen anakapeza malo ku America mu MotoAmerica, ndipo Scholtz anatenga chikho cha Supersport kumeneko mu 2024. Kufulumira nakonso kuli ndi mtengo wake. Darryn Binder, mng'ono wake wa Brad, analumpha kuchoka Moto3 kulowa MotoGP mu 2022, osadzera Moto2, ndipo anakhalamo chaka chimodzi chokha.

Madala anamvetsera zonsezi akutembenuza kachipulasitiki kaja m'manja, kenako anaseka.

"Nkhaniyi ife timaidziwa kuposa azungu. Ine ndinatheba ndili ndi adiresi ya amalume m'thumba, ntchito ikundidikira. Anzanga amene anagulitsa ng'ombe za makolo n'kubwera ndi chikwama chokha, ena mpaka lero sanapondenso kumudzi, manyazi. Ndikawauza abwana kuti mwana apite kumene amuitana, asapite kumene akukagula malo."

"Akakumverani, ankolo?"

"Ndinamusintha matewera mwana ameneyo. Andimvera."

Foni ya wa ku Mangochi inalira. Anavala chisoti osamanga lamba, mayi wa magwinya namukalipira mpaka anamanga, ndipo analowa mumsewu ndi bokosi lake kumsana. Makaniko anabwerera pa tcheni chake uku akung'ung'udza kuti dziko limene linatulutsa Kork Ballington, mwini zikho zinayi za 1978 ndi 1979, ndi Jon Ekerold wa 1980, likuchita kutumiza ana ake kutsidya kwa nyanja kuti aonedwe.

Kudandaula kwake n'komveka, koma sikusintha kanthu kwa mwana wa zaka 15 amene nthawi ikumuthera. Mjaha wa MotoGP unachitika komaliza mu Africa mu April 2004, pa bwalo la Phakisa ku Welkom, tsiku limene Valentino Rossi anapambana atangosamukira ku Yamaha. Mwana wa abwana anali asanabadwe.