Mdindo wa Mawaya a Mpingo

Pamene amishoni a Dutch Reformed anafika pa Magwero, kufupi ndi Chipata, m'chaka cha 1899, Uthenga unkayenda monga mwa mphamvu ya miyendo ya mlaliki, nufika pamudzi uli ndi fumbi ndi ludzu. Koma ife adzukulu a mu Kanyama, okhala m'dziko limene a Frederick Chiluba analitcha la Chikhristu mu 1991, tinaona kuti nkosayenera kuti Mawu aziponda matope a mu Januwale pamene lamya ili m'thumba la munthu aliyense. Chifukwa chake akulu a mpingo, atasinkhasinkha ndi kupemphera, anandiika ine kukhala mdindo wa zipangizo zamakono, osati poona nzeru zanga ayi, koma poti ndinali nditangogula foni yaikulu pa Katondo Street, imene wogulitsa analumbira kuti njatsopano, ngakhale munali zithunzi za ukwati wa munthu wina.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mliri wa korona utatseketsa matchalitchi mu 2020, ntchito yoonetsa ulaliki pa Facebook inagwera ine, ndipo ndinkaimirira pamaso pa abusa dzanja lili m'mwamba monga Mose pa nkhondo ya Aamaleki, koma wopanda Aroni ndi Huri ondichirikiza, kotero kuti ulaliki usanafike pa mfundo yachiwiri, nkhosa za Ambuye zinali kupenya nsapato za abusa ndi mwendo wa gome. Oonera anali owerengeka, pakuti m'komboni ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya pamela wa ufa, ndipo mwa owerengekawo wokhulupirika koposa anali mwini nyumba imene ndichita lendi, munthu wa mpingo wina, amene Sabata ndi Sabata ankalemba pansi pa chithunzi, anthu onse akuona, kuti, "Ameni abusa, koma wagwira foniyo mumuuze kuti mwezi unatha."

Ulemerero wanga unadza mu 2024, chaka chimene mvula inakana, madzi a ku Kariba nachepa, malaiti nayamba kuchoka m'bandakucha ndi kubwera pakati pa usiku, anthu ali mtulo. Ndine ndinapereka uphungu wakuti tigule sola ndi batire, kuti zokuzira mawu zisamazime. Ndipo taonani, mwezi usanathe kunagwa chitsitsimutso chimene Kanyama sanachionepo chikhalire. Anthu amene sanapondeko pakhomo la tchalitchi chibatizidwire anayamba kufika pa mapemphero a Lachitatu ndi a Lachisanu omwe, ena ochokera ku George, ena ku Chawama, onse okonda kukhala kufupi ndi khoma, mitu yowerama, nkhope zowala. Abusa anagwetsa misozi ya chimwemwe, ine nkuyamba kuyenda mwa ulemu wa munthu amene dzina lake lidzalembedwa m'mbiri ya mpingo.

Amayi a Chigwirizano, amene maso awo sanyengeka, ndiwo anaona kuti olapa atsopanowa sankadikira dalitso lotsiriza, koma aliyense ankanyamuka foni yake ikadzaza, ndi kuti ena mwa iwo ankadza ndi mafoni a anansi m'chitenje, nawalipiritsa potuluka. Sindiwaweruza ine, pakuti yanganso inali pa soketi ya kuseri kwa guwa, malo aulemu amene ndinadzipatulira monga mdindo. Koma tsiku limene abusa analalikira za anamwali khumi aja, atangofika pa asanu amene mafuta anawathera, batire inauma, zokuzira mawu zinati zii, ndipo mpingo wonse, pamodzi ndi alendo a kukhoma, unacheukira kwa ine.

Akulu a mpingo anakhala pansi madzulo omwewo nagamula, mwachikondi ndi mofatsa, kuti ndipumule pa udindo, ndi kuti gulu la WhatsApp la mpingo ndilipereke kwa mnyamata wa kwaya. Mlembi anandiitana pambali nati, "Atate, popeza adimini ndinu nokha, mumulowetse mnyamatayo, kenaka mudzichotse." Ndinavomera ndi manja awiri, ndipo ndikadachita tsiku lomwelo, koma amene adziwa podina pake ndi mwana wanga wamkazi, amene ali kusukulu yogonera ku Katete, ndipo sabwera kufikira Disembala.